Madzi a M'bondo

9 Febuluwale

Okondedwa amake ana,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana ndi amayi. Ine kuno ndili gwa, kungoti fumbi la simenti latimeretsa imvi nthawi isanakwane.

Ndapatsira adalaivala a basi kangachepe, ndi nsapato za chisamba wathu. Zikakula muike nsanza kutsogolo, phazi la mwana silichedwa. Ndalamazo mugulire zitseko zija, zotsala zipite kusukulu. Alamu anu akabweranso ndi nkhani yoti akudziwa mmisiri wotchipa woika matailosi, muwapatse madzi akumwa n'kuwaperekeza. Pansi pa nyumba yathuyo palibe wina adzagwadepo koma ine. Ndakongoletsa mabafa a anthu osandidziwa n'dzina lomwe, ndiye yangayanga ndikaitanire munthu?

Panopa tili pa nyumba yosanja, zipinda zake zosatha. Tsiku lonse ndi chogwada, kupaka, kuika, kugogoda. Tailosi yokhala bwino ukaigogoda imayankha mwakachetechete. Imene pansi pake patsala mphako imalira ngati chitini, ndipo imeneyo umaizula ngakhale ikuoneka bwino chotani.

Ntchito yathuyi ili ndi nthenda yake, madzi a m'bondo. Aliyense wogwada amatupa. Tili ndi sing'anga wathu, Achikulire, amene ndimagona nawo chipinda chimodzi. Iwowa adayamba kuika matailosi ine ndisanamere mano. Lamulungu masana amawiritsa jakisoni m'chitini, odwala n'kundandalika pa mabedi, mathalauza atapinda. Amabaya n'kukoka madzi achikasu, mawa lake munthu ali pa ntchito. Kuchipatala palibe amapita, chifukwa ukajomba tsiku limodzi akapitawo amayamba kuiwala nkhope yako.

Langa lakumanja nalo layamba kutupa. Anzanga akuti tsopano ndalowa m'gulu la amisiri enieni. Lamulungu likubwerali ndikhala nawo pa mzere.

Moni kwa onse. Mzime wathu mumuuze kuti njinga sindinaiwale.

Ine mwamuna wanu.

16 Malichi

Amake ana,

Moni. Ndamva kuti chifuwa cha amayi chatsikako, tithokoze Mulungu. Ine ndilipo.

Mwafunsa chifukwa chake ndikulemba makalata ngati munthu wakale pamene foni ilipo. M'chipinda muno tilimo ambiri, ukangotsokomola onse amayankha. Komanso inu mawu anga mumawadziwa kwambiri. Ndikangoti "ndili bwino" mumafunsa kuti chavuta n'chiyani.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ili ndi bere. Zinthu kuno zakwera, sopo amene tinkagula awiri tsopano ndi mmodzi, ndiye mwezi uno ndatumiza zochepa.

Za bondo lija. Achikulire atalikhudza anati, "Iwe, lakoli latupira m'munsi. Ndipo n'lolimba, likutenthanso." Ine ndinati bayani, mawa kuli ntchito. Singano italowa ndinamva kuti tswa, ngati mmene chimachitira chigoba cha dzira ukachikanikiza ndi chala. Madzi achikasu sanatuluke. Anatuluka magazi akuda. Anzathu amene ankaseka anasiya.

Achikulire anati mwina aphonya malo, ndiye tinabwerezanso Lamulungu linalo, ndi linzake. Zomwezomwezo. Kachitatuko anati sabayanso.

Chimene sindikumvetsa n'chakuti bondo la anzanga limapweteka akagwada. Langa likupweteka ngakhale nditangokhala. Ndalimanga ndi mphira ya tayala, ndipo polowa pa geti ndimayenda mowongoka mpaka ndidutse pamene amaima akapitawo.

Si nkhani yaikulu, musauze amayi. Denga la khitchini mwaliona ngati likudonthabe?

Ine mwamuna wanu.

27 Epulo

Amake ana,

Ndayamba ndi moni monga mwa masiku onse. Inu ndi ana mukhale bwino. Za ine muwerenga m'munsimu, koma muwerenge muli nokha.

Ndinagwa pa masitepe nditasenza bokosi la matailosi. Sindinapunthwe ayi, mwendo unangokana. Akapitawo anayamba kufunsa za matailosi osweka, kenako n'kuti ndipite kuchipatala ndisawafere pamalo. Kuchipatala chaching'ono anandijambula, ndipo mnyamata wojambulayo atayang'ana chithunzi anakaitana mnzake, mnzakeyo n'kukaitananso wina. Munthu ukaona akuitanizana chotero mtima umakhala m'mwamba. Ananditumiza ku chipatala chachikulu, kwa dokotala wa mafupa.

Dokotalayo ndi mayi wamfupi, wa magalasi, wosathamanga polankhula. Anandionetsa chithunzi. Fupa la msongolo linali loyera bwinobwino, koma kumutu kwake, pansi pa bondo penipeni, panali mdima wamadangamadanga ngati thovu la sopo. Anati m'kati mwa fupamo mwamera chotupa chimene chadya fupa, chasiya khungu lake lokha. Sanafunike kundifotokozera zambiri. Ndi tailosi yolira ija. Chikomekome cha mkuyu, amake ana.

Kenako anawerama n'kuona timabala titatu tija.

"Apa anakubayani ndani, bambo?"

"Anzanga a kuntchito. Timachotsana madzi."

"Kunatuluka chiyani?"

"Magazi."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anangotenga cholembera n'kuzunguliza kabala kalikonse, ngati mmene ine ndimachongera pamene ndidule.

Kuchokera apo ndalowetsedwa m'makina onga chipaipi, aphokoso ngati chigayo, osaloledwa kugwedezeka. Andijambulanso chifuwa, ndipo nditafunsa kuti chifuwa chalakwa chiyani poti vuto ndi mwendo, anati akungofuna kutsimikiza. Pomaliza anatenga kanyama m'fupamo ndi singano yawo yaikulu, atasankha okha malo olowera. Kanyamako kapita kokaunika. Akuti ndidikire.

Andipatsa ndodo ziwiri ndipo andiletsa kuponda. Akuti fupalo likhoza kuthyoka ngakhale potsika pa bedi. Ndiye ndimatsika ngati ndanyamula mazira a eni.

Ndikuopa. Ndalemba mawu amenewa kenako ndinafuna kuwafufuta, koma ndawasiya.

Mwezi uno sindituma kanthu. Za zitseko ziyambe zaima.

Ine mwamuna wanu.

25 Meyi

Amake ana,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Ndakondwa kuti ana ali bwino. Mwati ndinu mkazi wanga osati mlendo woti ndizimubisira. Ndamva. Koma zobwera kuno ayi, ndalama ya basi imeneyo ndi chakudya cha ana.

Zotsatira zabwera. Adokotala anati, "Si khansa." Ndinapuma mpweya umene ndinausunga mwezi wathunthu, ndipo ndinayamba kufunafuna ndodo zanga kuti ndizipita. Anati ndikhale kaye pansi.

Akuti chotupachi ndi cha mtundu wosowa, iwo amachiona mwa apo ndi apo. Nthawi zambiri sichiyendayenda m'thupi ngati khansa, ngakhale kwa anthu ochepa chimakafika ku mapapo, n'chifukwa chake anajambula chifuwa. Changa chifuwa chili bwino. Koma pamalo pamene chakhalapo n'chaukali. Chimadya fupa, chikaboola n'kulowa mu mnofu, ndipo ukachichotsa n'kusiyako kanyenyeswa chimameranso. Ndinati ndiye ndi galu woti sachoka pakhomo koma amaluma eni nyumba. Adokotala anaseka pang'ono n'kuti ndi choncho.

Adzatsegula zenera pa fupa, n'kukokota zonse za m'katimo, n'kupala makoma ndi kamakina, n'kutsukamo ndi mankhwala oopsa kuti zotsalira zife. Akatero adzadzazamo simenti. Musaseke, ndi simenti ndithu, ya mafupa. Ndinafunsa kuti imauma masiku angati, anati isanathe nthawi yomwera tiyi. Ndikanaipeza imeneyo bwenzi nyumba yathu itatha kale.

Chovuta ndi timabala tija. Akuti singano ikalowa m'chotupa n'kutuluka, imatha kukoka mbewu zake n'kuzisiya m'njira. Yawo ija analowetsa pamalo pamene adzadulepo, kuti njirayo idzachoke nayo. Zathu zinalowa uku ndi uku. Adzayesetsa kuchotsa njira zonse zitatu, koma anati sangalonjeze.

Nditafotokoza kuchipinda, Achikulire anaimirira. Anatenga chitini chawo chija n'kutuluka nacho, n'kubwera chimanjamanja. Kuyambira tsikulo ndiwo amandiphikira ndi kunditengera madzi osamba. Ndinawauza kuti, "Achikulire, ndinakuuzani ndine kuti bayani." Anati, "Ndinamva kulimba kwake ndi chala changa ichi. Mwana ndi iwe, wamkulu ndinali ine." Anthu otupa mawondo akumabwerabe Lamulungu, iwo n'kumawabweza.

Opaleshoni ndi mwezi wamawa. Amayi muwauze kuti ndinabinya mwendo. Mundipempherere, koma osati mokweza pa gulu, nkhani ingafike kwa alamu anu isanafike kwa Mulungu.

Ine mwamuna wanu.

3 Ogasiti

Amake ana,

Moni wa chimwemwe. Muli bwanji nonse? Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona.

Pepani pokhala chete, foni ija ndinkangoti "zatheka" chifukwa mankhwala ankandizunguza mutu. Adokotala akuti anakokota mpaka kuyera, ndipo timabala tija anatidula tonse. Pachithunzi chatsopano mdima uja mulibe, muli simenti yoyera mbee, yodzaza bwino mpaka m'makona. Ndinaiyang'anitsitsa monga mmisiri ndipo sindinapeze polakwika. Ndinawauza kuti akadzatopa ndi za chipatala tidzawalemba ntchito.

Ndodo imodzi ndaisiya. Achikulire anakandilankhulira kwa akapitawo, ndiye andipatsa mpando pa makina odulira matailosi. Malipiro ndi ochepa koma si kukhala. Anzanga akunditcha Asimenti. Ndikamadutsa amati tapatukani, nyumba ikuyenda.

Ndatumiza kangachepe. Gulani chitseko chimodzi, cha kumaso. Ndamva kuti mbuzi yaswa awiri, mwaona phindu lomvera mwamuna? Matailosi athu ndawaona kale m'sitolo ina, otuwira ngati mchenga, osaterera ngakhale anyowe, abwino kwa amayi. Adokotala akuti chaka chikatha bwino ndikhoza kuyesa kugwada pa pilo. Alamu anu apitirize kudikira.

Akuti ndizipitabe kukajambulitsa miyezi ingapo iliyonse, kwa zaka. Ndinafunsa kuti bwanji poti mwachotsa. Anati chimenechi sachitsanzika msanga.

Ndidzabwera pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka, njinga ili kumsana.

Ine mwamuna wanu.

14 Disembala

Amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino. Njinga ndapatsira adalaivala. Mwini wake asakwere pamsewu waukulu.

Ine sindibwera. Mwezi watha ndinakuuzani kuti ntchito yachuluka, koma inu munayankha kuti pa chithunzi chimene ndinatumiza ndaimira mwendo umodzi ngati kale, ndipo ndodo yachiwiri ikuonekera kuseri kwa chitseko. Maso anuwo akanakhala a akapitawo bwenzi tonse titachotsedwa ntchito.

Chabwerera. Chinayamba ngati kanjere pansi pa khungu, pambali pa chipsera, cha kumene kunalowera singano yachitatu. Ndinkachikhudza m'mawa uliwonse n'kumadziuza kuti ndi ulusi wa opaleshoni. Pofika tsiku lokajambulitsa chinali ngati dzira. Chithunzi chaonetsa kuti chili mu mnofu, ndipo china chamera m'mphepete mwa simenti, chikulowera kumbuyo kwa bondo kumene kumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi. Adokotala akuti sangadziwe ngati ndi singano ija kapena ndi khalidwe lake chabe, poti chimabwerera ngakhale kwa anthu amene sanabayidwepo. Ndinawapempha kuti abwerezenso mawu amenewo pamaso pa Achikulire, amene anandiperekeza pa tsiku lawo lopuma. Anabwereza. Achikulire anangoyang'ana pansi, ndipo ndikudziwa kuti sanakhulupirire.

Kukokota sikuthekanso, fupa lotsala ndi lochepa. Ayamba kundibaya jakisoni wa mwezi ndi mwezi woti chotupacho chiume m'mbali, chileke kufutukuka, kuti podzadula chidzachoke chathunthu. Asanayambe ananditumiza kwa dokotala wa mano, akuti mankhwalawa sagwirizana ndi dzino lobooka. Ndiye ndazulidwa dzino chifukwa cha bondo. Mukauza anthu adzati ndapenga.

Ndimayesa kuseka, amake ana, koma mantha andigwira. Pa makina paja ndimapezeka ndangoti duu, tailosi ili m'manja, madzi akungotayika. Ndikaona munthu akuthamangira basi ndimayang'ana miyendo yake. Poyamba ndinkaopa kufa. Atati si khansa ndinayesa ndapulumuka. Sindinkadziwa kuti chinthu chikhoza kukusiyira moyo n'kumakudya pang'onopang'ono ngati chiswe.

Amayi muwauze tsopano. Musankhe tsiku limene adya bwino.

Ine mwamuna wanu.

8 Malichi

Amake ana,

Moni kwa inu, kwa ana ndi kwa amayi. Ndikulemba ndili pa bedi la m'chipatala, dzuwa likulowera pa zenera, odwala anzanga akudya chamasana. Ine andiuza kuti kuyambira madzulo ndisalawe kanthu. Ndi mawa.

Adokotala anakhala pa mpando pafupi nane n'kundiuza mosabisa. Jakisoni wagwira ntchito, chotupa chauma m'mbali. Akufuna kudula mutu wonse wa fupa pamodzi ndi simenti yawo ija ndi mnofu wozungulira, n'kuikapo chitsulo chokhala ndi bondo lake lopinda. Koma chotupacho chatsamira mtsempha waukulu. Akatsegula n'kupeza kuti chikusendeka, mwendo utsala. Akapeza kuti chaukulunga moti sangaupulumutse, adula pamwamba pa bondo.

"Ndiye mudzandidzutsa kuti mundifunse?"

"Ayi, bambo. N'chifukwa chake ndikukufunsani lero."

Ndavomera zonse ziwiri. Dzanja limene limadula tailosi mowongoka popanda chingwe linalephera kulemba dzina langa lomwe.

Pa bedi loyandikana ndi langa pali bambo wina woyendetsa galimoto, anamudula mwendo pa ngozi. Ndi munthu wanthabwala, koma dzulo anandiuza chinthu chimene chandisowetsa mtendere. Akuti iye atatsitsimuka anamva zala zake zonse bwinobwino, chachikulu chikumuyabwa, mpaka anathokoza Mulungu. Potambasula dzanja kuti akande anakanda matiresi. Mpaka lero chimamuyabwa. Ndiye ine mawa ndikadzuka n'kumva zala zanga, ndidzadziwa bwanji?

Tamverani izi. Zikavuta koposa, makina anga ang'ono odulira ndi zipangizo zonse zili ndi Achikulire, adzagulitsa n'kukutumizirani. Ana asasiye sukulu ngakhale mbuzi zithe. Chisamba wathu asadzagwire ntchito yogwada. Nyumba ndi yanu ndi ana, ndauza kale alamu anu pa foni, onse akumva.

Zikavuta pang'ono chabe, ndiye kuti mudzalandira mwamuna wotsala ndi mwendo umodzi. Sindikudziwa ngati mudzamufuna. Musayankhe msanga, ndikudziwa chimene munganene, koma ndafuna kuti mudziwe zimene zikuyenda m'mutu mwanga.

Ndapukuta phazi langa bwinobwino ndi kuwenga zikhadabo. Anamwino anandipeza ndikuchita zimenezo ndipo anandisiya ndimalize.

Ine mwamuna wanu.

29 Malichi

Okondedwa amake ana,

Ndili moyo, ndipo ndikhulupirira nanunso muli bwino. Achikulire anakuimbirani tsiku lomwelo, koma iwo nkhani amaidula ngati tailosi ya pakona, ndiye ndikuuzeni ndekha.

Nditatsitsimuka ndinamva zala zanga zonse, ndipo chachikulu chinkayabwa. Ndinakumbukira woyendetsa galimoto uja. Bulangete analikweza ndi kachitsulo konga khola la nkhuku, moti sindinkaona chimene chili pansi pake. Anamwino anati zayenda bwino, koma mawu amenewo amauza aliyense. Ndinangoyang'ana kudenga, osayerekeza kutambasula dzanja.

Achikulire anali pa mpando, chipewa chili m'manja. Anajomba ntchito, munthu amene sanajombepo chibadwire. Ndinati, "Achikulire, ine sindingathe. Taonani ndinu."

Anaimirira n'kupita kumiyendo kwa bedi, n'kukweza bulangete. Anayang'anitsitsa. Kenako anapinda chala n'kugogoda pansi pa phazi langa, monga timachitira pa ntchito. Ndinamva kugogodako m'thupi, ndipo ndinakumvanso ndi makutu.

"Yakhala," anatero. Atatero anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chipewa, ndipo ine ndi woyendetsa galimoto uja tinayang'ana kumbali kuti alire bwino.

Mwendo ulipo, amake ana. Adokotala akuti chotupa chinasendeka pa mtsempha ndipo chachoka chathunthu. Kujambulitsa sikutha, mwendo ndi chifuwa chomwe, ndipo nthawi iliyonse ndizidzalowa m'chipinda chija mtima uli m'manja. Andilembera chipatala cha kufupi ndi kwathu kumene ndizikaonedwa. Panopa mwendo uli m'chomangira, sundilola kupinda. Akuti pakapita miyezi ndidzayenda, ndidzakhala pa mpando, ndidzakwera basi.

Ndinafunsa za kugwada. Anavula magalasi n'kuti, "Kumeneko ayi, bambo. Osati chaka chino, osati china." Ndinati ngakhale pa pilo? Anati ngakhale pa pilo. Ndinafunsanso kuti ngakhale chipinda chimodzi chokha, chaching'ono, cha kwathu? Anangondigwira paphewa.

Ndiye uzani alamu anu abwere naye mmisiri wawo wotchipa uja. Muwauze mofatsa, ndipo akayamba kunyada muwasiye anyade. Matailosi otuwira aja Achikulire agula ndi ndalama zawo, ndakana mpaka ndatopa, akubwera pa basi imene ndidzakwere ine. Koma mmisiriyo asayambe ndisanafike. Mundiikire mpando pakati pa chipinda. Ndodo yanga ili ndi mphira kunsi, ndidzaichotsa kuti izimveka bwino, ndipo iliyonse imene aike ndidzaigogoda. Mumuuziretu kuti bondo lake likadzatupa, ndidzamuperekeza ndekha kuchipatala.

Adokotala akandimasula ndidzakuuzani tsiku. Mubwere nokha kudzandichingamira, ana adzandione kunyumba nditakhala pansi. Ndidzatsika pomalizira, anthu onse atatha, chifukwa masitepe a basi ndi aatali. Ndipo ndikamadzatsika, chonde, muyambe mwandiyang'ana kumaso.

Ine mwamuna wanu.